Mmene mapointi 14 amasungunukira pa basketball gemu ikadutsa hafu

Pa 20 July 2024, mu bwalo la O2 Arena ku London, anyamata a South Sudan anapita kopumulira pa hafu akutsogola 58-44. Amene ankachinyidwawo sanali timu wamba ayi. Inali timu ya dziko la America, muli LeBron James, Stephen Curry, Joel Embiid ndi Anthony Davis, kochi wake Steve Kerr, ikukonzekera masewero a Olympics. Makampani a zobetcha anali atawerengera kale kuti America iwina ndi mapointi opitirira 40. Koma nthawi ina m'chigawo choyamba kusiyana kunafika pa 16, South Sudan ili pamwamba. Pothera pake bolodi inasonyeza 101-100, America yawina, LeBron atalowetsa mpira womaliza kutatsala masekondi 8.

Kuno ku Balaka ndi ku Machinga ambirife tinakulira pa mpira wamiyendo, ndiye mutu wathu umawerenga zigoli mwa mtundu umenewo. Bullets ikamatsogola 2-0 pa hafu, wa Manoma amayamba kufunafuna chonamizira choti atulukire mu video show anthu asanamuone. N'chifukwa chake munthu akamva kuti timu inali pamwamba ndi 14 kenako n'kuluza, mawu oyamba amakhala akuti yagulidwa imeneyo, kapena refa wadyapo. Ine ndikukana. Pa basketball gemu imatembenuka motsata njira yake, ndipo ukaidziwa njirayo umayamba kuona zikubwera bolodi isanasinthe n'komwe. Ndifotokoze bwinobwino, chifukwa zina mwa zimenezi zikukhudza mmene timayendetsera magemu pa mabwalo athu a simenti konkuno.

Tiyambe ndi masamu, osadandaula, si a MSCE. Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse, amati gemu ikhale ya makota anayi, kota iliyonse mphindi 10. Ndiye kuti chigawo chachiwiri ndi mphindi 20, omwe ndi masekondi 1,200. Timu ikagwira mpira imapatsidwa masekondi 24 okha kuti iponye, ikachedwa mpira ukupita kwa anzawo. Tingoyerekeza kuti timu iliyonse ikumatha masekondi 17 ikagwira mpira. Ndiye kuti mpira usinthana manja pafupifupi ka 70, timu iliyonse ka 35. Tsopano tengani 14 uja. Ngati pa maulendo asanu alionse mukuwaposa anzanuwo ndi basiketi imodzi yokha ya mapointi awiri, maulendo 35 akamatha mwabweza 14 yense. Basi. Sizikufuna kupita kwa asing'anga.

Funso ndi lakuti basiketi imodzi ija imachokera kuti. Ambiri amayang'ana amene akuchinya, chifukwa ndi amene amaoneka m'timavidiyo ta pa TikTok. Koma taonani manambala a ku London aja: South Sudan inachinya 58 chigawo choyamba, chachiwiri inangochinya 42. Chakumapeto kwa kota yachitatu inali idakali pamwamba 76-65. Kuchoka pamenepo America inachinya mapointi 18 motsatizana, South Sudan osalowetsa ngakhale imodzi, mpaka bolodi inafika pa 83-76 kota yachinayi itayamba kale. Aliyense amakumbukira 18 ameneyo. Ine chimene ndimayang'ana ndi ziro wa mbali inayo, chifukwa popanda ziro ameneyo 18 sakanabwera.

Zimayenda chonchi. Ukaponya n'kuphonya, mpira umakhala udakali wamoyo. Amene wautola, chimene osewera amati rebound, amaupereka kutsogolo inu musanabwerere kumbuyo, mnzake n'kukangouika mu ring popanda womutchinga. Akachinya chonchi, inu mukuyenera kukayambira kunja kwa mzere, ndipo iwo apeza kampata kobwerera n'kuima bwinobwino, aliyense ndi munthu wake. Mukubwera mukupeza khoma. Wotchi ya 24 ikuwerenga, mwaponya mothamanga, mwaphonyanso, iwo athamanganso nawo. Gudumu limeneli likazungulira kanayi kapena kasanu, mapointi 10 apita mphindi ziwiri zisanathe, ndipo osewera anu ayamba kuyang'anana moipa. Makochi amazitcha run zimenezi. Mukaona kochi wa timu yomwe ili pamwamba akuitanitsa timeout atangochinyidwa kawiri katatu, musamuseke kuti wachita mantha msanga. Akufuna kudula gudumu lija lisanatenge liwiro.

Kenako pali nkhani ya ma three. Mzere wake uli mamita 6.75 kuchokera pa ring, ndipo ukaponyera kunja kwa mzerewo n'kulowetsa ndi mapointi atatu. Usiku wa ku London uja South Sudan inalowetsa ma three 14, America 7 okha. Three ndi imene imakweza timu yaing'ono msangamsanga, koma ndi ngongole ya katapila, imadzabwera kudzatenga zake. Ngakhale akatswiri a ku NBA, amene akulowetsa anayi pa ma three 10 alionse amatengedwa kuti ndi woponya wabwino kwambiri. Ndiye timu ikakhala kuti chigawo choyamba chilichonse chikungolowa, dziwani kuti si mmene imaponyera masiku onse. Komanso mphamvu yoponyera kutali imachokera m'miyendo. Miyendo ikatopa mpira umayamba kugunda kutsogolo kwa ring, ndipo three yophonya imanjanja kutali, kukagwera m'manja mwa anyamata othamanga a timu inayo. Gudumu lija layambanso.

Amene anazionera pakhungu zimenezi ndi Serbia, pa 8 August 2024, mu semifainolo ya Olympics ku Paris, motsutsana ndi America yomweyo. Serbia inatsogolapo ndi 17, pa hafu inali 54-43, ndipo polowa kota yomaliza inali idakali pamwamba 76-63. M'makota atatu oyamba inali italowetsa ma three 15. Mu kota yachinayi inaponya 9, sinalowetse ngakhale imodzi. Kota imeneyo inatha 32-15, gemu yonse 95-91, Curry yekha atachinya 36. Anyamata a Serbia sanaiwale kuponya mwadzidzidzi. Anali atathamangitsidwa kwa mphindi 30 ndi timu yomwe munthu aliyense wotuluka pa benchi ndi katswiri ku kilabu yake.

Mu gemu yomweyo munachitika kanthu kamene kakutilowetsa ku nkhani ya mafaulo. Serbia ili pamwamba 78-67, Kevin Durant analowetsa three, ndipo nthawi yomweyo refa anaimba faulo ya Nikola Jokić pa Anthony Davis. Three inawerengedwa, mpira unakhalabe wa America, Devin Booker n'kulowetsa three ina. Mapointi 6 pa masekondi awiri, 78-73. Pa mpira wamiyendo zoterezi kulibe.

Mafaulo ndi ndalama zimene timu imawononga osadziwa kuti mwezi ndi wautali. Pa malamulo a FIBA wosewera akachita mafaulo asanu watuluka ndipo sabwereranso. Ku NBA ndi 6, koma kumeneko makota ndi a mphindi 12. Ndiye mnyamata wanu wamtali akapita ku hafu ali ndi mafaulo atatu, chigawo chachiwiri amatchinga manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu pa assembly, ndipo kochi wochenjera amauza anyamata ake kuti azilowera kwa iyeyo dala. Palinso mafaulo a timu yonse. Akakwana anayi mu kota imodzi, faulo iliyonse yotchinga yobwera pambuyo pake imapereka ma free throw awiri. Free throw imaponyedwa wotchi itaima. Kwa timu yomwe ili kumbuyo, palibe mphatso yoposa kuchinya nthawi isakuyenda.

Wotchi yoimayi ndi imene imasiyanitsa kwambiri basketball ndi mpira umene tinazolowera. Mpira ukatuluka, wotchi imaima. Faulo, imaima. Palibe zogona pansi kudikira machira kuti mphindi zipite. Amene anakonza malamulo anachita kuwapendekera ku mapeto a gemu: timu imapatsidwa ma timeout awiri chigawo choyamba koma atatu chachiwiri, ndipo mphindi ziwiri zomaliza wotchi imaimanso mpira ukangolowa. Timu yomwe yachinyidwa ikaitanitsa timeout nthawi imeneyo, ili ndi ufulu woyambira mpira kutsogolo, kufupi ndi ring ya anzawo. N'chifukwa chake masekondi 20 pa basketball ndi nthawi yambiri. Ku London kuja South Sudan sinagone itapitiriridwa. Inabwereranso, ndipo JT Thor analowetsa three kutatsala masekondi 20, 100-99. LeBron anayankha kutatsala 8. South Sudan inapezanso mpata woponya kawiri, Carlik Jones kenako Wenyen Gabriel, mpira n'kukana kulowa. Zonsezi m'masekondi 20, nthawi yosakwana n'komwe kukambirana mtengo ndi wa kabaza.

Chimene chimandisangalatsa ndi chakuti patangotha masiku 8, anyamata omwewa anachitira ena zimene anachitiridwa. Pa 28 July ku Lille, mu gemu yawo yoyamba ya Olympics chiyambire, okonza anayamba ndi kuimba nyimbo ya fuko yolakwika, kenako Puerto Rico inachinya mapointi 8 oyamba South Sudan isanalowetse kanthu. Pa hafu Puerto Rico inali pamwamba 54-48. Gemu inatha 90-79, South Sudan yawina. Chotsani nokha: Puerto Rico yomwe inachinya 54 chigawo choyamba inangopeza 25 chachiwiri. South Sudan payokha inachinya zochepa chigawo chachiwiri, 42, kusiyana ndi 48 ya chigawo choyamba, koma inawina ndi 11. Anyamata a kochi Royal Ivey anatseka njira ndipo anatola ma rebound ngati akutola mango a m'mawa. Ili ndi dziko lomwe linapeza ufulu mu 2011, ndipo nthawi imeneyo linalibe ngakhale bwalo limodzi la basketball la m'nyumba. Luol Deng, yemwe anasewerapo ku Chicago Bulls, ndi amene wakhala akutsogolera bungwe lawo kuyambira 2019, zina akulipira za m'thumba mwake. Ndikamamva anzanga akuti ife sitingapite patali chifukwa tikusewera pa simenti, ndimawakumbutsa zimenezi.

Ndisaiwale azichemwali athu. Amene mumatsata netball mukudziwa kuti ma Queens anatichitirapo zofanana pa 8 April 2018 ku Gold Coast, pa masewero a Commonwealth. Pa hafu anali kumbuyo kwa New Zealand ndi zigoli 7, koma anawina 57-53, Mwai Kumwenda akuponya ngati alibe mtima. Ndipo pa netball kubweza n'kovuta kuposa, chifukwa chigoli chilichonse ndi chimodzi basi, kulibe three.

Tsopano tibwere kwathu kuno, pomwe pali nkhani yeniyeni.

Zonse ndafotokozazi zimafuna miyendo, ndipo miyendo imafuna benchi. Malamulo amalola osewera 12 pa timu, asanu m'bwalo, ndipo mutha kusintha kangapo kalikonse, wotuluka n'kudzalowanso. Koma timu ikamachoka ku Ntaja kapena ku Ulongwe kupita kukasewera ku Balaka, chiwerengero cha osewera chimatengera ndalama ya minibasi. Mumapita 6 kapena 7. Ndiye muganize dzuwa la October ku Liwonde, 2 koloko masana, simenti ikutentha mpaka kulowa mu nsapato. Asanu omwewo akuthamanga mphindi zonse. Pamagemu athu ambiri timu yomwe imatembenuza gemu ndi yomwe ili pakhomo, osati chifukwa cha ochemerera okha, koma chifukwa ili ndi anthu 10 ndipo madzi ali pafupi. Makochi athu ena ali ndi chizolowezi chosiya ana a benchi akuonerera mpaka gemu itatha, poopa kuti akalowa aononga. Ine ndimaona kuti bola kutaya mapointi anayi mu kota yachiwiri katswiri wako akupuma, kusiyana ndi kudzataya 12 mu kota yomaliza iye atagwira mawondo. Ndipo mwana amene sanalowepo gemu ili yothina, tsiku lomwe wamkulu wake adzatuluke ndi mafaulo asanu adzanjenjemera basi.

Palinso chinthu chimene a ku London sakuchidziwa koma ife timachidziwa bwino. Pa hafu matimu amasinthana mbali. M'nyumba zilibe kanthu. Panja, mbali imodzi dzuwa la madzulo limakuwalira m'maso, kapena mphepo ya mwera ikukankha mpira, kapena ring ina inapindika kalekale ana akuilendewera. Timu yomwe yaponyera ku ring yabwino chigawo choyamba isadzinamize ndi 10 yomwe yatsogola nayo, chifukwa chigawo chachiwiri ikupita ku ring yopindika ija. Kaputeni wanzeru amayang'ana kaye kumene dzuwa lidzakhale kota yachinayi ikamafika, ndipo akapatsidwa mwayi wosankha amayambira mbali yoipa.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi wotchi ndi pepala. M'mabonanza ambiri, pofuna kuti magemu onse atheke tsiku limodzi, okonza amangoyendetsa wotchi osaimitsa. Munthu mmodzi wagwira foni, watchera mphindi zake, basi. Ndikumvetsa chifukwa chake, mdima sudikira ndipo mabwalo athu alibe magetsi. Koma taonani chimene chimafa pamenepo. Timu yomwe ili pamwamba imangochedwa kutola mpira ukatuluka, imayenda pang'onopang'ono kupita pa free throw, wina amamanga chingwe cha nsapato, ndipo mphindi zitatu zapita. Ngati palibenso wowerenga masekondi 24, atha kungopatsirana mpira kutali ndi ring mpaka mluzu. Maulendo 35 aja amatsika mwina kufika theka, ndipo masamu onse aja agwa. Apa ndiye zoona, 14 pa hafu imakhala gemu yatha. Tasandutsa basketball kukhala mpira wamiyendo wosewera ndi manja.

Pepala ndi chimodzimodzi. Pakakhala palibe wolemba mafaulo, palibe amene angatuluke ndi asanu, ndipo palibe amene akudziwa kuti timu yakwanitsa anayi. Mnyamata wamphamvu amangomenya manja a anzake kuyambira kota yoyamba mpaka yomaliza, ndipo ndewu zambiri zimene timaziona kumapeto kwa magemu zimayambira pamenepo, wina akuti ndi faulo yachisanu, wina akuti yachitatu, umboni palibe. Chofunika apa si ndalama zambiri. Ndi tebulo, anthu awiri kapena atatu oti onse akuwakhulupirira, cholembera, pepala lojambulidwa bwino, ndi mafoni awiri, ina ya nthawi ya gemu, ina ya 24. Ngati tsiku ndi lalifupi, bola kuchepetsa makota kukhala a mphindi 7 kapena 8 koma wotchi iziima, kapena iziima ngakhale mu kota yomaliza yokha. Madzi a mu chigubu pambali pa benchi iliyonse nawonso asamachite kupemphedwa.

Izi si zongofuna kuti magemu azikoma kuonera. Basketball ya ku Malawi, yomwe imayendetsedwa ndi BASMAL, ili ndi khomo lotulukira kunja tsopano. Ligi ya makilabu a mu Africa ya BAL inayamba mu 2021 ku Kigali, ndipo timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikuimira dziko lino m'magemu odzigulira malo mu ligi imeneyi. Mtsikana kapena mnyamata wa ku Nsanama kapena ku Phalula amene ali ndi msinkhu ndi luso, tsiku lina adzakayesedwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe pa gemu ya wotchi yoima ndi pepala lolembedwa. Ngati wakula akusewera gemu yomwe imatha pa hafu, sadzadziwa chochita atatsala ndi mafaulo awiri, mphindi zinayi, timu yake ili kumbuyo ndi 8. Zimenezi munthu saphunzira pa YouTube, ngakhale atathera bandulo ya mwezi wonse.

Kwa inu amene mumabetcha pa foni gemu ili mkati, musatenge nkhaniyi ngati ndakupatsani njira yodyera. Makampani aja masamu amenewa anawawerenga kale kuposa ine ndi inu, ndipo matimu ambiri omwe amatsogola ndi 14 pa hafu amawinabe. Timakumbukira omwe anagwa chifukwa ndi ochepa. South Sudan yomweyo itakumananso ndi America pa 31 July ku Olympics, inali kumbuyo pa hafu ndipo inakhala kumbuyo mpaka mapeto, 103-86.

Koma ngati mukungofuna kuonera ndi maso ena, kaya pa TV kaya pa bwalo la sukulu Loweruka masana, mphindi zisanu zoyamba za kota yachitatu musiye kaye kuyang'ana bolodi. Werengani kuti timu yomwe ili kumbuyo yawaletsa anzawo kuchinya kangati motsatizana. Onani ngati mipira ya timu yomwe ili pamwamba yayamba kugunda kutsogolo kwa ring, ndani wagwira mawondo mpira ukaima, ndani ali ndi mafaulo atatu, ndipo pa benchi pakhala anthu angati ovala nsapato. Bonanza yotsatira ikadzalengezedwa ku Liwonde kapena ku Balaka, ine ndidzafika msanga kukafunsa okonza kuti wotchi agwira ndani, iziima kapena ayi, ndipo mafaulo akulemba ndani.